Bwanji maikulosikopu nthawi zina saona TB?

Sabata yatha tikuphunzira za ma lens ku Fomu 3, mtsikana wina anakweza dzanja ndi funso lomwe silili pa silabasi. Amalume ake atsokomola mwezi wathunthu, anapereka makhololo kuchipatala ndipo anauzidwa kuti sipanaoneke kanthu. Koma adokotala sanawasiye, anati apereke ena. "Aphunzitsi, ngati maikulosikopu sanaone kachilombo, si ndiye kuti mulibe?" Ndinangoti ayi, belu n'kulira. Yankho lonse ndi ili.

Kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu dzina lake ndi Mycobacterium tuberculosis. Robert Koch ndiye analengeza kuti wakapeza, pa 24 Malichi 1882 ku Berlin, n'chifukwa chake dziko lonse limakumbukira TB pa tsikuli. Kutalika kwake ndi ma micrometre awiri mpaka anayi. Tengani milimita imodzi pa lula yanu, muigawe pa 1,000, kachigawo kamodziko ndiye micrometre. Diso lathu limalekezera cha pa 0.1 mm. Pamafunika maikulosikopu okuza ka 1,000.

Apa ndi pomwe fizikisi imalowa. Kuwala kukamachoka m'galasi kupita mumpweya kumapindika, ndipo kwina kumaphonya lens. A labotale amadontheza mafuta apadera pakati pa galasi ndi lens. Refractive index ya mafutawo ndi cha pa 1.5, pafupifupi yofanana ndi ya galasi, choncho kuwala kumangodutsa osakhota kwenikweni ndipo chithunzi chimaoneka bwino. Amene mumati refraction ndi ya mayeso basi, mwamva?

Komabe kachilomboka kalibe mtundu, kamafunika kukapaka utoto. Vuto n'loti khungu lake lili ndi mafuta olimba ngati phula, utoto wamba sulowa. Njira yakalekale imatchedwa Ziehl-Neelsen. Amapaka makhololo pagalasi, kuthira utoto wofiira wa carbol fuchsin, n'kutenthetsa pang'ono kuti ulowe. Kenako amatsuka ndi asidi wosakaniza ndi alcohol. Zina zonse zimasuluka, koma ka TB kamakakamira kufiira kwake chifukwa cha phula lomwe lija. Akathira utoto wabuluu pomaliza, chomwe chimaoneka ndi timitengo tofiira m'nyanja yabuluu. Malabotale ambiri tsopano amagwiritsa ntchito utoto wa auramine, womwe umameza kuwala kwabuluu kochokera ku LED n'kutulutsa kwachikasu kobiriwirako. Tizilombo timanyezimira mumdima ngati ziphaniphani, ndipo woyeza amationa msanga.

Tsono tifike pa funso lija. Kuti woyeza akhale ndi mwayi woona kachilombo, m'mililita imodzi ya makhololo muyenera kukhala tizilombo 5,000 mpaka 10,000. Tikachepa, amatha kuyang'ana galasi lonse osaona kanthu pomwe munthuyo akudwaladi. Izi zimachitika kwambiri kwa ana komanso kwa anthu omwe chitetezo cha m'thupi chatsika chifukwa cha HIV. Zimachitikanso munthu akapereka malovu m'malo mwa makhololo ochokera pansi pa chifuwa.

Tizilombo tikachepa, njira imodzi ndi kutiweta kuti tichuluke. Amayamba apha mabakiteriya ena a m'kamwa ndi mankhwala, kenako amadzala zotsalazo m'kabotolo ka chakudya chotchedwa Löwenstein-Jensen, chopangidwa ndi mazira, n'kuika m'makina ofunda 37°C, ngati thupi la munthu. Ndiye kudikira. Bakiteriya wa m'matumbo, E. coli, amatha kugawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Wa TB amatenga maola 15 mpaka 20. Tulutsani calculator: kuti kamodzi kafike pa miliyoni pamafunika kugawikana ka 20, poti 2 kumuchulukitsa yekha ka 20 ndi 1,048,576. E. coli amamaliza zimenezi maola asanu ndi awiri asanakwane. Wa TB, tikati maola 18, ndi masiku 15. Kawirikawiri timibulu take timayamba kuoneka pakatha masabata atatu kapena kuposa, ndipo a labotale sanena kuti mulibe mpaka patatha masabata asanu ndi atatu. Nthawi yonseyi wodwala ali kunyumba, akutsokomolera azibale ake.

Makina a MGIT amafupikitsa nthawiyi, ndipo ine ndimawakonda kuposa ena onse chifukwa nzeru yake ndi yapafupi. Tizilombo amatiika m'chakudya chamadzi. Pansi pa kabotoloko pali mankhwala omwe amawala akaunikiridwa ndi UV, koma okosijeni amawaletsa kuwala. Tizilombo tikamakula timatha okosijeni, pansipo n'kuyamba kunyezimira. Makinawo amayeza kuwalako ola lililonse. Sakuona kachilombo ayi, akungoona kuti pali wina amene akupuma m'botolomo. Yankho limabwera pa sabata imodzi mpaka atatu.

Yachangu kwambiri ndi GeneXpert, yomwe bungwe la WHO linavomereza mu 2010 ndipo ikupezeka m'zipatala za maboma kuno ku Malawi. Iyi siweta kanthu. Imaswa tizilombo, kutenga kachidutswa ka DNA yake, n'kukachulukitsa potenthetsa ndi kuziziritsa mobwerezabwereza, ulendo uliwonse kuchuluka kawiri. Masamu omwe aja, koma pa mphindi osati masiku. Maola awiri asanakwane imanena ngati muli TB, komanso ngati tizilomboto sitikumva mankhwala a rifampicin. Chofooka chake n'choti imawerenganso DNA ya tizilombo takufa, ndiye pofuna kudziwa ngati mankhwala akugwira ntchito m'miyezi isanu ndi umodzi ija, amabwerera ku maikulosikopu ndi kuweta.

Mtsikana uja ndinamupeza pa buleki. Ndinamuuza kuti akauze amalume ake abwerere kuchipatala monga anenera adokotala, ndipo kuyeza TB m'zipatala za boma n'kwaulere. Makhololo akatenge a m'mamawa asanadye kanthu: achukuche m'kamwa ndi madzi, apume mokoka kangapo, atsokomole kuchokera pansi penipeni. Achitire panja pamphepo, osati m'chipinda chomwe mumagona ana, ndipo kabotoloko akatseke zolimba.