Makaseti a Amalume: Usiku wa Ndondocha za ku Haiti

Inu amene mwakhala mukundiimitsa pa msika wa Nchalo kufunsa ngati mnyamata wa jenereta uja, amene anathawa tikuonetsa kaseti yoyamba ya malemu amalume mu vidiyo sho, anapezeka, mtima m'malo. Anapezeka. Anali kwa azakhali ake ku Ngabu, akulumbira pali mphambe kuti sadzaonanso munthu wa makutu osongoka ndi zikhadabo zazitali. Tangoganizani, Nosferatu wa mu 1922, filimu yopanda ndi mawu omwe, kuthamangitsa mnyamata woonera Rambo akudya chimanga chootcha!

Ndiye mumati tasiya? Kaseti yachiwiri inali ikadali m'sutikesi ya malemu amalume.

Mwini vidiyo sho anayamba wakana.

"Achimwene, za anamapopa ine toto. Mwaiwala za 2017? Ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera chabe. Mukufuna anditenthere shediyi?"

Ndinamutsimikizira kuti m'menemu mulibe wopopa magazi.

Zoti muli ndondocha sanandifunse.

Filimuyo ndi White Zombie, ya mu 1932. Anaiwongolera ndi Victor Halperin, ndipo mfiti yake ndi Bela Lugosi, yemwe uja anatchuka ndi Dracula chaka cha 1931. Ndalama zinali zochepa, moti anachita kubwereka malo ojambulira amene mafilimu ena a ku Universal anasiya. Ambiri amaiwerenga ngati filimu yaitali yoyamba kuonetsa akufa oyenda. Koma musayembekeze zija za masiku ano zodya ubongo, zothamanga ngati zaba nkhuku. Awa sadya munthu. Awa amagwira ntchito.

Tsiku lake kunatentha monga mudziwira Okutobala wa ku chigwa kuno, malata akuchita kulira okha. Anthu anadzaza mabenchi, ena kukhala pa njerwa. Ndipo kumbuyo kwenikweni, ndani? Agogo, mayi ake a malemu amalume, amene chibadwire sanapondemo mu vidiyo sho. Anati akufuna aone chimene mwana wawo ankabisa zaka zonsezi.

Ine ndinali womasulira.

Filimu ikuyamba ndi ngolo ya akavalo usiku, ku Haiti. Mnyamata ndi chibwenzi chake, Neil ndi Madeline, akupeza anthu akuika maliro pakati pa msewu. Woyendetsa ngoloyo akufotokoza kuti amatero poopa akuba mitembo, chifukwa pamsewu pamadutsadutsa anthu. Sindinamalize n'kumasulira komwe. Bambo wina wa kabaza anali atayankha kale.

"Eya, akudziwa amenewo. Mfiti imafuna manda a kutchire."

Mwaonatu. Nosferatu ndinachita kumufotokozera mpaka kukhosi kuuma, koma iyi anthu anailandira ngati nkhani ya m'mudzi woyandikana nawo.

Kenaka chinafika chigayo cha nzimbe.

Apa ndiye ndikuti aliyense wonyoza mafilimu akale ayambe waona chigawo chimenechi. Mulibe nyimbo. Mulibe magazi ngakhale dontho. Muli anthu a maso otong'ola, osaphethira, akuyenda pamzere atasenza madengu a nzimbe n'kumakhuthulira m'chigayo, pansi pake anzawo akukankha mitanda kuzungulira. Chimene chikumveka ndi kulira kwa matabwa basi: kwiii, kwiii. Ndiye mmodzi akupunthwa n'kugwera m'kati mwenimweni mwa chigayocho. Palibe wotembenuka. Palibe wokuwa. Chigayo chikungozungulirabe.

Shedi yonse inangoti zii. Kumbukirani kuti awa ndi anthu odziwa kulemera kwa mtolo wa nzimbe, pakuti shuga wakhala akupangidwa pa Nchalo kuyambira m'ma 1960. Sanafunike womasulira.

"Ndondocha," mayi wina ananong'ona.

"Malilime anawadula?" wina anafunsa.

Ndinati filimuyo sinena za malilime. Anandiyang'ana ngati ndikuikira kumbuyo Lugosi. Komatu mfundo yake ndi yomweyo imene timamva chigayo cha munthu chikayamba kuyenda bwino, kapena sitolo ikadzaza msangamsanga: munthu anafa, tinalira, tinakwirira, koma penapake akulemeretsa mnzake popanda malipiro. Ku Haiti mantha amenewa ali ndi mizu yake, chifukwa linali dziko la akapolo a m'minda ya nzimbe, ndipo pamene filimuyi imatuluka, asilikali a America anali akulamulirabe kumeneko, kuchokera 1915 mpaka 1934. Inde, filimuyo imadera nkhawa kwambiri mtsikana wachizungu mmodzi kuposa anthu akuda odzaza chigayo, ndipo agogo anaziona zimenezo ine ndisananene. Anati, "Nanga enawo alibe amawo?"

Za mmene Lugosi amasemera kandulo kukhala kachidole ka Madeline, ndi mmene zinathera pamwamba pa thanthwe, ndikudumpha dala. Kaipezeni nokha. Ena akuti ikatha musake I Walked with a Zombie ya mu 1943, nayonso ya m'munda wa nzimbe, ndipo sindikuwatsutsa.

Filimu inatha. Anthu anayamba kuimirira, kusasa fumbi. Mwini shedi anatambasula dzanja kuti azimitse deki.

Sikirini inathwanima. Mizeremizere. Kenaka chithunzi china, cha mitundu.

Sikunalinso ku Haiti.

Unali mtsinje wa Shire, madzi ali mbwee, ndipo sitima ikuoloka pa mlatho wa Chiromo pang'onopang'ono. Achinyamata anayamba kuseka, poti iwo sitima pamenepo sanaionepo. Njanji ija inaduka ndi madzi mu 1997. Wojambulayo dzanja limamunjenjemera. Pakona ya chithunzi panali manambala aja makamera akale ankalemba okha, ndipo chaka chimaoneka bwinobwino: 1994.

Kamera inatembenuka n'kulunjika kugombe. Panali bambo wina wamtali, wovala malaya oyera ong'ambika paphewa, atasenza thumba. Sanali kuyang'ana sitima ngati anzake. Ankayang'ana kutsogolo, osaphethira.

"Imitsani!"

Anali agogo. Ndodo ili m'manja, akukankha anthu, mpaka mphuno pafupi ndi galasi. Mwini shedi anadina batani, chithunzi n'kuima chikunjenjemera.

"Mwanawe, wati chaka chanji chimenechi?"

"1994, agogo. Chaka cha mavoti."

"Nanga Papa anabwera liti ku Malawi kuno?"

"1989."

"Basitu. Uyu tinamuika chaka cha Papa. Nsima ya pamaliro pake ndinaphika ndine."

Bambo wa kabaza anali kale pakhomo. Ine ndinameza malovu n'kufunsa funso limene inunso mukufunsa panopa, loti munthuyo ndani. Agogo sanandiyankhe. Anatembenuka, kuyang'ana nkhope imodziimodzi, mpaka ndodo yawo inaima pa mwini vidiyo sho.

"Iwe, bambo ako anakuuza kuti anamwalira bwanji?"

Sabata yamawa, abale. Ndipo wondiimitsa pamsika abwere ndi thobwa, apo ayi sinditsegula pakamwa.