Utsi Watuluka M'kalasi, Koma Udakali Pakhomo

Pa sukulu ya ukachenjede ya Wits ku Braamfontein mumzinda wa Johannesburg, wophunzira amene wamva chibaba cha fodya amayenera kutuluka panja. Chimodzimodzinso ku University of Johannesburg. M'zipinda zophunziriramo, m'nyumba zowerengeramo mabuku ndi m'malo odyera, kusuta n'koletsedwa.

Gwero la chiletsochi ndi lamulo loyang'anira fodya lomwe dziko la South Africa linakhazikitsa mu 1993. Mu 1999, Nkosazana Dlamini-Zuma ali nduna ya zaumoyo, lamuloli linakhwimitsidwa: kutsatsa malonda a fodya kunaletsedwa, ndipo m'malo osonkhana anthu kusuta kunaloledwa pokhapokha pamalo opatulidwa.

Oyamba kupindula ndi ophunzira amene sasuta, makamaka odwala mphumu, chifukwa tsopano amaphunzira popanda kupuma utsi wa anzawo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni pachaka, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi osasuta amene amangopuma utsi wa ena.

Komabe lamulo lasuntha utsi, silinathetse chibaba. Osuta amaunjikana pazipata ndi m'misewu ya Braamfontein, momwe ndudu zimagulitsidwa imodziimodzi pamtengo woti wophunzira aliyense angakwanitse. Ena atembenukira ku ndudu zamagetsi ndi ku fodya wokokera m'botolo la madzi, yemwe amamutcha hubbly, poganiza kuti alibe vuto. Komatu nayenso ali ndi nikotini, mankhwala amene amamanga munthu kuti asaleke kusuta.

Phunziro lalikulu linadza mu 2020, pamene boma linaletsa kugulitsa fodya kuyambira mu Malichi mpaka mu Ogasiti chifukwa cha mliri wa Covid-19. Akatswiri a ku University of Cape Town anapeza kuti osuta ambiri anapitiriza kugula ndudu mozembetsa, ngakhale mitengo inakwera kwambiri.

Nkhaniyi ikukhudzanso alimi a ku Malawi amene amagulitsa fodya ku okushoni ya Kanengo ndi Limbe. Mu 2023 Malawi inavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta, ndipo misika ikamasintha, mlimi wolima soya kapena mtedza pambali pa fodya sagona ndi njala. Kwa alangizi a m'madera, chikwangwani choletsa kusuta chimateteza wosasuta, koma wachinyamata wogwidwa kale ndi chibaba amafunika uphungu ndi womuyendera kufikira ataleka.