KODI MWANA WANU ACHITA NACHO CHIYANI CHISIPANISHI?

Inu makolo amene mwagulitsa mtedza ndi mbuzi kuti mwana apite kukoleji, musakwiye pakumva kuti wayamba kuphunzira Chisipanishi. Ndalama zanu sizinalowe m'madzi ayi.

Chinenero chimenechi kwawo ndi ku Spain, koma chinawoloka nyanja ndi Columbus m'chaka cha 1492. Lero ndicho chinenero chachikulu m'maiko pafupifupi 20. Dziko lokhala ndi ochilankhula ambiri koposa ndilo Mexico, kumene kunachokera chimanga chathuchi. Komweko kuli CIMMYT, bungwe loyamba mu 1966, limene akatswiri ake afufuza mbewu za chimanga, zina zolimidwa m'minda ya kuno. Wophunzira zaulimi akapita kumeneko adzachifuna chinenerochi.

Mwana wanu sayamba chimanjamanja. Malemba a, e, i, o, u awatchula monga m'Chichewa. Ndiponso Chisipanishi ndi mbale wake wa Chipwitikizi cha anansi athu a ku Mozambique, chimene chinatibwereka mawu ena. Nsapato iwo ati zapato, mbatata ati batata, kapitawo ati capitán.

Aphunziranso ulemu. Mnzake amuti tú, ndiye iwe. Munthu wamkulu amuti usted, ndiye inu. Amvanso kuti amayi a ku Mexico aphika chimanga m'madzi a njereza, nachipera, naumba timikate topyapyala totchedwa tortilla. Imeneyo ndiyo nsima yawo.

Tsono akabwera patchuthi nati "Buenos días," dziwani kuti wakupatsani moni wa m'mawa. Muyankheni mokondwa, ndipo mpatseni khasu mupitire limodzi kumunda.