Bwalo la Olemba Mapulogalamu: Wothandiza ndi Wosesa

Kwa aphunzitsi: Nkhani iyi ndi ya ana a Giredi 5 ndi 6. Isanayambe, lembani pabolodi mawu awa: pulogalamu, intaneti, bwalo, woyang'anira. Ngati kungatheke, bwerani ndi tsinde limodzi la namasupuni m'chitini cha madzi kuti ana alione. Musatume ana kumtsinje, pakuti kuli ng'ona.

Nkhani yathu ya lero iyambira ku Kafue Estates, m'tauni ya Kafue, kum'mwera kwa mzinda wa Lusaka. Mudzi umenewu sunayambe monga imayambira midzi ya makolo athu. Unayamba wajambulidwa papepala, ndipo unamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kuti mukhale anthu ogwira ntchito m'mafakitale, monga ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ya nsalu ya Kafue Textiles. Anthu anadza kuchokera kuzigawo zosiyanasiyana: Atonga, Abemba, Alozi, Achewa, Ansenga ndi ena otero. Amisiri anamanga nyumba nalambula misewu, koma panali zinthu ziwiri zimene sakanatha kuzijambula papepala: munthu wolozera mlendo njira, ndi munthu wosesa pabwalo. Anthu awiriwa anayenera kupezeka pakati pa eni mudzi okha.

Masiku ano kuli midzi ina yopanda nyumba ndi misewu, imene anthu amakumanamo pa intaneti. Intaneti inafika m'Zambia mu 1994, pamene Yunivesite ya Zambia inayambitsa kampani ya ZAMNET. Lero tiona mabwalo awiri a pa intaneti pamene pamasonkhana anthu olemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo tidzapeza kuti nawonso asowa anthu awiri omwe aja.

Poyamba, kodi pulogalamu nchiyani? Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo amene munthu amalembera kompyuta, limodzi pambuyo pa linzake. Kompyuta ili ngati mwana wotumidwa amene amachita zokhazo zimene wauzidwa. Mukamuuza kuti akagule mchere koma osamuuza kuti abwerere, adzangoima kusitolo mpaka dzuwa kulowa. Motero wolemba pulogalamu akaiwala kachizindikiro kamodzi kokha, ntchito yonse imaima, ndipo angathe tsiku lathunthu ali kufunafuna pamene walakwa. Nchifukwa chake anthu a ntchito imeneyi amafunsana kwambiri. Akulu anati safunsa anadya phula.

Bwalo loyamba ndi la akuluakulu, dzina lake Stack Overflow. Analiyambitsa ndi anthu awiri a ku America, Jeff Atwood ndi Joel Spolsky, m'chaka cha 2008. Munthu amalemba funso lake, ndipo aliyense wodziwa angayankhe popanda malipiro. Owerenga amavotera mayankho, kotero kuti yankho labwino limakwera pamwamba ndipo losathandiza limatsika pansi. Amene ayankha bwino amalandira mapointi, ndipo mapointi akachuluka amapatsidwa udindo. Wa mapointi 2,000 angakonze zolakwa m'zolemba za anzake popanda kupempha chilolezo. Wa mapointi 3,000 angavote kuti funso litsekedwe, ngati silimveka kapena ngati linayankhidwa kale. Pamwamba pa onsewa pali oyang'anira, amene amasankhidwa ndi anzawo pa chisankho, nagwira ntchito modzipereka osalandira ndalama. Iwo ndiwo amachotsa zotukwana, kuweruza mikangano, ndi kuimitsa kwa kanthawi munthu wosamva.

Mungafunse kuti, nanga kusesa konseku nkwa chiyani? Yang'anani chomera chimene aphunzitsi anu abwera nacho. Namasupuni ali ndi masamba obiriwira onyezimira ndi maluwa okongola ndithu. Koma ana a ku Kafue adziwa bwino zimene amachita. M'zaka za m'ma 1990 anachuluka kwambiri pa mtsinje wa Kafue, kotero kuti anthu anayamba kumutcha udzu wa Kafue. Amaphimba madzi, mabwato amalephera kudutsa, asodzi amavutika kuponya maukonde. Tsinde limodzi silivuta munthu, koma likalekereredwa limaswana msanga. Yankho labodza pabwalo la mafunso lili chimodzimodzi. Limaoneka bwino, wina amalikhulupirira nalikopera mu pulogalamu yake, winanso nalitenga kwa iye, mpaka choona chisowa podutsa.

Zimenezi zinaoneka poyera kumapeto kwa 2022, pamene kunatuluka ChatGPT, pulogalamu yotha kulemba mayankho ngati munthu. Anthu ena anayamba kutenga mayankho ake ndi kuwaika pa Stack Overflow osawayesa nkomwe. Mayankhowo anali osalala m'kalembedwe, koma ambiri anali olakwa. Kulemba limodzi kunali kwa kanthawi kochepa, pamene kuliyesa kunafuna munthu wodziwa ndi nthawi yaitali. Motero mu Disembala 2022 oyang'anira analetsa mayankho otere. Mu Juni 2023, eni kampani atachepetsa mphamvu za oyang'anira pa nkhani yomweyi, oyang'anira ambiri ananyanyala ntchito, ndipo anabwerera mu Ogasiti atagwirizana ndi kampaniyo. Apa mpamene anthu ambiri anazindikira kuti bwalo lija linali laukhondo chifukwa cha manja a anthu osalipidwa.

Koma tsache lili ndi ngozi yake. Wosesa akapitirira muyeso amasesa ndi alendo omwe. Ophunzira ambiri anadandaula kuti funso lawo loyamba linatsekedwa msanga, kapena linayankhidwa mwachipongwe, ndipo sanabwererenso. Mu 2018 eni bwalolo anavomera poyera kuti silinali kulandira bwino alendo, ndipo analemba malamulo atsopano a khalidwe. M'zaka zotsatira mafunso atsopano pabwaloli anachepa kwambiri, makamaka anthu atayamba kufunsa makina. Makina angalakwe, koma sanyoza wofunsa. Apa pali phunziro lalikulu kwa ife tonse: kukonza cholakwa ndi ntchito yabwino, koma kuchititsa munthu manyazi ndi kutseka pakamwa pake. Ndipo mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Womuthamangitsa amathamangitsa ndi nzeru zake.

Bwalo lachiwiri ndi lanu, ana inu. Dzina lake ndi Scratch, ndipo linatsegulidwa mu 2007 ndi gulu lotsogozedwa ndi Mitchel Resnick pa sukulu yaukachenjede ya Massachusetts Institute of Technology ku America. Linakonzedwa makamaka kaamba ka ana a zaka 8 mpaka 16. Mmenemo mwana salemba malangizo ataliatali, koma amalumikiza timabokosi tamitundumitundu monga mmene womanga amasanjira njerwa, ndipo kamphaka ka pa kompyuta kamayenda, kulumpha kapena kulira monga mwa malangizowo. Akatha amaonetsa ntchito yake kwa ana a m'maiko ena, ndipo iwo amalembapo maganizo awo.

Popeza pabwaloli pali ana, malamulo ake ngoteteza. Mwana saloledwa kulemba dzina lake lonse, nambala ya foni, dzina la sukulu yake kapena kumene akhala. Palibe njira yolemberana makalata a mseri. Zonse zimalembedwa poyera pamene aliyense angazione. Pali makina osefa mawu oipa, ndiponso pali anthu a ntchito yoyang'anira. Pa ntchito iliyonse ndi pa ndemanga iliyonse pali batani lodziwitsira oyang'anira. Mwana akaona chinthu chonyoza kapena choopsa, sayenera kubwezera; angodiniza batanilo, akulu naona chochita. Kutenga ntchito ya mnzako ndi kuisintha nkololedwa, malinga ngati utchula mwini wake ndi kumuthokoza. Kumeneko si kuba ayi, koma kuphunzirana.

Tsono inu mungathandize bwanji pabwalo lotere? Choyamba, phunzirani kufunsa bwino. Mwana wonena kuti, "Pulogalamu yanga yakana, ndithandizeni," sanapatse mnzake pogwira. Koma tamverani uyu: "Ndifuna kuti kamphaka kalumphe ndikadiniza batani. Ndalumikiza timabokosi titatu iti. Kamphaka kali kukwera, koma sikabwerera pansi." Funso limeneli lanena zinthu zitatu: chimene afuna, chimene wachita, ndi chimene chachitika. Wolimva aona msanga kuti pasowa langizo lotsitsa kamphakako.

Chachiwiri, phunzirani kuyankha bwino. Yambani ndi chimene mnzanu wakhoza, kenaka musonyezeni pamene pavuta. Musayankhe chimene simunachiyese. Ngati simudziwa, nenani kuti simudziwa. Kumeneko nkuthandizanso, pakuti simunabzale namasupuni m'madzi a anzanu.

Chachitatu, musabise chokuopsani. Munthu wosamudziwa akakupemphani chithunzi, kapena akafuna kudziwa kumene mukhala, uzani makolo kapena aphunzitsi tsiku lomwelo. M'Zambia muli nambala yaulere ya 116, imene mwana aliyense angaimbe akakhala pa vuto.

Mwina ena mwa inu muli kunena mumtima kuti, "Pasukulu pathu palibe kompyuta ngakhale imodzi." Musataye mtima. Ku Lusaka achinyamata anayambitsa BongoHive mu 2011, malo okumaniranapo olemba mapulogalamu, ndipo chimene chinawasonkhanitsa ndicho kufuna kuphunzitsana. Khalidwe limeneli liyambira m'kalasi mwanu momwemo, pamene mnzanu afunsa funso looneka lapafupi, inu nimuleka kumuseka. Amene lero athandiza mnzake masamu moleza mtima ndiye adzakhala woyang'anira wabwino mawa.

Tidzakumananso sabata yamawa nthawi yomweyino. Tsalani bwino.

Mafunso

1. Kodi pulogalamu ya kompyuta nchiyani?
2. Tchulani ntchito ziwiri za oyang'anira bwalo.
3. Kodi yankho labodza lifanana bwanji ndi namasupuni?
4. Nchifukwa chiyani Scratch salola makalata a mseri?
5. Tchulani zinthu zitatu zopezeka m'funso labwino.

Ntchito ya m'kalasi

Aphunzitsi apatule mbali imodzi ya khoma kuti ikhale bwalo la mafunso. Mwana aliyense alembe funso limodzi la masamu kapena la sayansi pakapepala nalipachike, ndipo ena ayankhe pansi pake. Kalasi lisankhe oyang'anira awiri, mtsikana ndi mnyamata, ndi kupangana malamulo asanu. Pepala lochotsedwa lisatayidwe, koma liperekedwe kwa aphunzitsi pamodzi ndi chifukwa chake. Pakutha kwa sabata, kalasi likambirane funso ili: kodi alipo amene anaopa kufunsa, ndipo anaopa chiyani?