MUDZI WA DOTHI WA KU EGYPT UMENE ENI AKE ANAUKANA

Lero tipita kutali, ku dziko la Egypt, kukaona mudzi wina wochedwa New Gourna. Mudzi umenewu unamangidwa ndi zidina, makoma ndi madenga omwe, ndipo akatswiri a zomanga m'maiko ambiri amauwerengera pakati pa nchito zazikulu za m'zaka za ma 1900. Komatu anthu amene anawamangira mudziwo, ambiri a iwo anakana kulowamo. Tiyeni tione cimene cinauchukitsa, ndiponso cimene eni ake anaukanira.

Egypt ndi dziko louma kumene mvula siigwa kawirikawiri, ndipo moyo wa anthu udalira mtsinje wa Nile. Kumwera kwa dzikolo kuli mzinda wa Luxor. Patsidya pa mtsinje, moyang'anana ndi mzindawo, pali mapiri m'mene anthu akale anakumba manda a mafumu ndi nduna zao zaka zoposa 3,000 zapitazo. Pamwamba pa manda ena a ndunazo panali mudzi wa Gourna, wa anthu pafupifupi 7,000. Ambiri a iwo ankadyera mandawo. Ena ankalembedwa ganyu yokumba ndi akatswiri ofufuza zakale, ena ankaperekeza alendo odzaona malo, ndipo ena ankaturutsa zinthu za m'manda nakagulitsa mobisa. Boma litatopa ndi kubako, m'caka ca 1945 linagamula kuti anthuwo asamukire ku cigwa. Nchito yowamangira mudzi watsopano linaipereka kwa mmisiri wolemba mapulani a nyumba, dzina lake Hassan Fathy.

Bambo ameneyu anabadwira ku Alexandria mu 1900. Iye anaona kuti mlimi wamba wa kwao sakanatha kugula simenti, zitsulo ndi matabwa. Makoma sanali obvuta, pakuti kuumba zidina mlimi ali yense ankadziwa. Cobvuta cinali denga. Dzikolo liribe mitengo yambiri, ndipo nkhondo yaikulu imene inayamba mu 1939 inatseka njira ya matabwa ocokera kunja. Mu 1941 Fathy anayesa kumanga denga la zidina ku Bahtim, pafupi ndi Cairo, koma linagwa. Tsono anamva kuti kumwera, kufupi ndi Aswan, anthu a ku Nubia amamanga madenga otere popanda mtengo ngakhale umodzi. Anapita kukadzionera yekha, ndipo atabwerako anaitanitsa amisiri a kumeneko.

Mvetserani bwino m'mene amisiriwo amamangira. Poyamba amaimika makoma awiri a m'mbali, ndi khoma lacitatu la kumapeto, lalitali kuposa anzake. Pa khoma lalitalilo mmisiri amalemba ndi matope mzere wokhota ngati uta, kucokera pa khoma lina kufika pa linzake. Zidina za padenga zimakhala zopyapyala: mainchi 10 m'litali, 6 m'lifupi, ndi 2 kukhuthala kwake. Poumba amasakaniza mapesi ambiri oduladula kuti zipepuke, ndipo amazikanda ndi zala zisanaume kuti matope adzagwire. Saziika cogona monga ticitira pa khoma ai, koma coimirira, zotsamira khoma lalitali lija. Mzere woyamba umakhala waufupi, waciwiri umatalikirapo, mpaka mbali ziwirizo zikumana pamwamba. Kucokera pamenepo uta uli wonse umatsamira unzake wa m'mbuyo, kufikira cipinda conse cafoleredwa. Sipafunika nsanamira kapena thabwa logwiriziza.

Mwina mukufunsa kuti, nanga denga lotere liribe kugwa bwanji? Dothi louma limapirira kupanikizidwa, koma silipirira kukokedwa kapena kupindidwa. Mukagoneka zidina mopingasa pamwamba pa cipinda, zithyoka. Koma mu uta, cidina ciri conse cimangokankha cinzake, ndipo kulemera konse kumatsikira m'makoma a m'mbali. Ndico cifukwa cake makomawo ayenera kukhala okhuthala ndithu. Luso limeneli ndi lamakedzana. Pafupi ndi Gourna pomwepo pali nkhokwe za pa kacisi wa mfumu Ramesses II, zomangidwa mwa njira yomweyi zaka zoposa 3,000 zapitazo, ndipo madenga ena akali ciriri.

Nchito yomanga New Gourna inayamba mu 1946, pa malo athyathyathya pakati pa mapiri ndi mtsinje. Fathy sanafune kundandika nyumba zofanana ngati za pa kampu. Anafufuza mafuko a m'mudzi wakale, naika nyumba za acibale pamodzi mozungulira kabwalo kao. Nyumba zinali ndi bwalo la m'kati, ndiponso malo a ziweto. Anamanganso mzikiti, msika, sukulu, bwalo la masewero ndi nyumba yophunzitsiramo nchito za manja. Kumeneko dzuwa limaswa mtengo, koma kutentha kumatenga maora ambiri kuti kudutse khoma lokhuthala la dothi. Motero masana m'nyumba mumazizira, ndipo usiku khomalo limabweza kutentha kuja. Pa nyumba zina anaika pamwamba cibowo coyang'ana kumene kucokera mphepo, kuti mphepoyo izitsikira m'kati. Anaganiziranso za maenje otsala pokumba dothi, amene amasunga nkhono zofalitsa likodzo. Iye anafuna kuti dothi lonse likumbidwe pa malo amodzi, ndipo dzenjelo lisanduke dziwe lotheka kutseka ndi kuthiramo mankhwala opha nkhono.

Zonsezi zinali zanzeru, koma anthu a ku Gourna sanazifune. Cifukwa coyamba n'cakuti sanapemphe kusamuka, anangouzidwa. Caciwiri, cakudya cao cinali kuphiri kuja, ndipo ambiri analibe minda yao ku cigwa. Nchito za manja zimene Fathy ankayembekeza kuti zidzalowa m'malo mwa ndalama za kumanda zinali zisanayambe kudyetsa munthu. Cacitatu, ena ankati denga lozungulira ngati mphika wobvundikira liyenera manda, si nyumba ya munthu wamoyo. Nchito iri m'kati, khoma la dothi lochinga madzi a mtsinje linabooka, madzi nalowa m'mudzi, ndipo Fathy anakhulupirira kuti anthu analiboola dala. Nazo ndalama za Boma zinkafika mocedwa. Pofika 1952 nchito inali itaima, gawo locepa lokha la mudziwo litamangidwa. Ambiri a eni Gourna anakhalabe pamwamba pa manda mpaka 2006, pamene Boma linayamba kugwetsa nyumba zao ndi kuwasamutsira ku malo ena.

Nyumba zimene zinamangidwa sizinakhale mabwinja, popeza mabanja ena analowamo m'kupita kwa nthawi. Koma kunabuka mdani wina, ndiye madzi a pansi. Damu lalikulu la ku Aswan litatha mu 1970, minda inayamba kuthiriridwa caka conse, ndipo madzi a m'nthaka anakwera. M'mudzimo munalibenso njira yabwino yotayira madzi oipa. Cinyontho ca mcere cinakwera m'maziko, makoma nayamba kung'aluka. Mabanja ataculuka anafuna nyumba zosanja, ndipo ambiri anagwetsa za dothi namanga za simenti. Mu 2010 bungwe la World Monuments Fund linaika New Gourna pa mndandanda wa malo ofunika kupulumutsa, ndipo pambuyo pake bungwe la UNESCO pamodzi ndi Boma la Egypt anakonzanso mzikiti ndi bwalo la masewero.

Nanga mbiri ya mudziwu inamveka bwanji? Fathy analemba buku lofotokoza zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Linaturuka ku Cairo mu 1969, ndipo mu 1973 linasindikizidwanso ku Chicago ndi dzina lakuti Architecture for the Poor, ndiko kuti mamangidwe a nyumba za osauka. Pa nthawi imeneyo amisiri ambiri ophunzira ankaganiza kuti nyumba yamakono iyenera kukhala ya simenti, zitsulo ndi magalasi. Bukuli linawaonetsa kuti dothi la pansi pa mapazi a mlimi lingathe kumanga nyumba yokongola ndi yozizira bwino, ndiponso kuti mmisiri wa kumudzi wosalowa sukulu angaphunzitse katswiri wa mumzinda. Mu 1980 Fathy analandira mphotho ziwiri zazikulu, ya Aga Khan ndi ya Right Livelihood. Anamwalira ku Cairo mu 1989.

Tsono inu mafumu, amene mumagawa malo ndi kuweruza milandu ya anthu osamuka, nkhaniyi mwaimva ndi makutu ena. Dothi silinacite manyazi ku New Gourna, pakuti madenga aja anaima popanda phaso. Cimene cinalakwika ndi cakuti funso lakuti anthu adzadya ciani akasamuka silinayankhidwe iwo asanauzidwe kusamuka, ndipo madzi a pansi anapeza maziko osakonzeka. Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Fathy anali ndi mutu wabwino kwambiri, koma mitu 7,000 ija sinabwere kudzasenza naye. Kambiranani zimenezi pa bwalo ndi anthu anu.