Kuyamba Ntchito ya Ukontrakitala: Mapepala, Mtengo ndi Mpamba

Kontrakitala ndi munthu amene amapangana ndi mwini ntchito kuti amalize chinthu chodziwika pa mtengo umene agwirizana, koma iye osalembedwa ntchito. Wolembedwa ntchito amagulitsa nthawi yake, ndipo abwana ndiwo amamuuza nthawi yolowa ndi yoweruka, namupatsanso zida; kontrakitala amagulitsa chinthu chomalizika, kaya ndi denga lokhoma malata kapena mipope yotulutsa madzi, ndipo zida, anyamata omuthandiza ndi kagwiridwe ka ntchito ndi zake. Ganyu wa tsiku limodzi amafanana nazo pang'ono, koma waganyu saikapo ndalama yake, pamene kontrakitala amaika yake poyamba n'kumadikira kuti ibwere.

Ufulu umenewu uli ndi mtengo umene amisiri ambiri sauona msanga. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa wolembedwa ntchito tchuthi cholipidwa ndi malipiro a nthawi yodwala, ndipo lamulo la penshoni limalamula olemba ntchito kusonkhera wantchito wawo 10 peresenti ya malipiro ake, wantchitoyo n'kuwonjezerapo 5 peresenti. Zonsezi kontrakitala alibe. Mmisiri amene wasiya ntchito pakampani n'kumatchula mtengo poyerekeza ndi malipiro amene ankalandira pamwezi amadzibera yekha, chifukwa mtengo wake uyenera kunyamulanso masiku amene mvula idzaimitse ntchito, miyezi yosowa kasitomala, wilibala ikathyoka, ndi ukalamba wake womwe.

Za mapepala sizovuta kwambiri. Dzina la bizinesi limalembetsedwa motsatira lamulo la 2012 la kalembera wa mabizinesi, ndipo ofuna kampani yokhala ndi malire pa ngongole, kutanthauza kuti ikagwa katundu wa pakhomo pa mwini wake sakhudzidwa, amatsata lamulo la makampani la 2013. Bungwe lotolera misonkho la MRA limapereka nambala ya wokhoma msonkho yotchedwa TIN, imene kale inkatchedwa TPIN. Pa ntchito zomangamanga, lamulo la 1996 lidakhazikitsa bungwe la NCIC kuti lizilembetsa makontrakitala ndi kuwaika m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito imene angathe kugwira, kotero kuti woyamba kumene amayambira pansi, pa timakalasi ndi zimbudzi za pasukulu, asanalote zamisewu. Wofuna ntchito za boma amalembetsanso ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma.

Chimene chimagwetsa ambiri si mapepala ayi, koma mpata umene umakhalapo pakati pa tsiku lotulutsa ndalama ndi tsiku lolandira. Simenti, mchenga ndi zitsulo zimagulidwa ntchito isanayambe, anyamata osakaniza simenti amafuna zawo sabata ikatha, pomwe mwini ntchito amalipira m'magawo, maziko akatha, khoma likafika pa lintala, denga likakhomedwa, ndipo nthawi zina pakapita miyezi kuchokera pamene invoisi, kalata yoitanitsa malipiro, idaperekedwa. Ndalamayo ikabwera simabweranso yathunthu. Bungwe kapena kampani yolipira imadulapo msonkho wogwiriratu n'kuupereka ku MRA m'dzina la kontrakitalayo. Chiphaso cha msonkho umenewu ndi chosunga bwino, popeza ndicho umboni wakuti gawo lina la msonkho wa chaka chimenecho lidalipidwa kale. Pa ntchito zikuluzikulu mwini ntchito amasunganso kagawo kena, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, mpaka itatha nthawi yoonera ngati khoma silichita ming'alu kapena denga silidontha. Kagawo kameneka nthawi zambiri ndiye phindu lonse la ntchitoyo. Amene alibe mpamba wopirira nawo amathamangira kwa akatapila, ndipo chiwongoladzanja cha miyezi iwiri chimadya zimene akadapeza pa ntchito yonse. Banki mkhonde imapepukirako, ngakhale ndalama zake sizifika patali.

N'chifukwa chake pangano lolemba, ngakhale la tsamba limodzi, ndi lofunika kuposa chikwangwani chokongola cha pamsewu. Liyenera kunena ntchito imene igwiridwe, amene agule zipangizo, magawo a malipiro, ndi mtengo wa zosintha, pakuti eni nyumba ali ndi chizolowezi choona khoma litakwera kenako n'kuganiza zoti windo lisunthidwe kapena khonde liwonjezedwe, akuyembekeza kuti zonsezo zilowa mu mtengo wakale uja. Kotesheni, yomwe ndi pepala la mtengo limene kontrakitala amapereka asanapatsidwe ntchito, iyeneranso kunena masiku amene mtengowo ugwire ntchito. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo idakwera m'masiku ochepa, ndipo kontrakitala amene adasainira mtengo wosasintha simenti asanagule adayenera kusankha pakati pa kumaliza nyumba ya eni ake ndi ndalama ya m'thumba mwake kapena kuisiya pa lintala.