Mneni "get" wa Chingerezi: tiyambire pa chilankhulo cha mwana

Ambiri mwa ife tinaphunzira Chingerezi poloweza mndandanda wa mawu, liwu lililonse ndi tanthauzo lake limodzi. Njira imeneyi imathandiza pa mawu monga "goat" kapena "chair", koma pa mneni "get" imasocheretsa. Mwana amene analemba m'kope mwake kuti "get" ndi kupeza, akakumana ndi chiganizo chakuti "My mother got sick" amamasulira kuti mayi anapeza wodwala. Timamulembera kuti walakwa, iye n'kuyamba kudziyesa wopanda nzeru, chikhalirecho wachita zimene tinamuphunzitsa ife tomwe.

Tanthauzo la mneni ameneyu limadalira mawu amene abwera pambuyo pake. Pakabwera dzina, kawirikawiri amanena za kulandira kapena kukatenga chinthu: "get a letter" ndi kulandira kalata, "get water" ndi kukatunga madzi. Pakabwera mfotokozi, amaonetsa kusintha: "get tired" ndi kutopa, "get sick" ndi kudwala. Apa Chipwitikizi chimagwiritsa ntchito "ficar", monga mu "ficar doente", pamene Chinyanja chimangofuna mneni mmodzi. "Get home" ndi kufika kunyumba. Timawu ting'onoting'ono timasinthanso zonse: "get up" ndi kudzuka, "get on" ndi kukwera, "get off" ndi kutsika.

Ana a ku Angónia kapena a ku Lago sayenera kudabwa nazo zimenezi, pakuti chilankhulo chawo chili ndi aneni a khalidwe lomweli. Taganizirani za kumva. Timamva kulira kwa ng'oma, timamva fungo la ndiwo zopserera, timamva njala, timamva Chipwitikizi, ndipo mwana wosamva si wogontha ayi. Palibe mwana wa zaka zisanu amene amasokoneza matanthauzo amenewa, ngakhale kuti Chingerezi chimawagawa pakati pa "hear", "smell", "feel" ndi "understand". Mngerezi akafunsa kuti "Do you get it?" akufunsa chomwecho chimene ife timafunsa tikamati "Mwamva?"

N'chifukwa chake tikulangiza aphunzitsi kuti phunziro liyambe m'Chinyanja. Lembani "kumva" pabolodi, ana apereke ziganizo zawo, ndipo anene okha pamene tanthauzo lasintha. Amene amadziwa Chipwitikizi cha m'tauni adzakumbukiranso "apanhar chapa" ndi "apanhar malária". Akazindikira kuti liwu limodzi limatha kusenza akatundu ambiri, pamenepo bweretsani "get", koma matanthauzo awiri kapena atatu okha pa tsiku, ndipo nthawi zonse m'chiganizo chathunthu chonena za moyo wawo.

M'kope asalembe "get" payekha. Alembe "get up", pambali pake "kudzuka", pansi pake chiganizo chimene apanga okha. Za nthawi yakale, yomwe ndi "got", zidikire kufikira sabata yotsatira.